Kulandira Mbale Amene Wakhala Nthawi Yaitali ku Cipatala

Azimai anzanga, ena mwa inu mwalandira pakhomo munthu wamkulu wocedwa kumvetsa zinthu, amene wakhala zaka zambiri ku cipatala conga ca Chainama ku Lusaka, kapena ku nyumba yosungirako olemala. Dziwani kuti vutoli si misala. Munthuyo amaphunzira ndithu, koma pang'onopang'ono.

Kumene anali, ena ndiwo anali kumusankhira zonse: nthawi yodzuka, cakudya, ngakhale malaya. N'cifukwa cake mukamufunsa cimene afuna, angokhala cete. Musamuyese wamwano. Yambani ndi zinthu ziwiri cabe: citenje ici kapena ico? Nchito muziigawa tizigawo. Pophika nsima, sabata yoyamba aphunzire kusefa ufa, yaciwiri kuteleka madzi inu muli pambali. Muonetseni ndi manja, mau akhale ocepa. Ndipo conde, munthu wa zaka 40 si mwana. Muitaneni mwaulemu monga mwa msinkhu wake, ndipo ana pakhomo akaona inu adzatengera.

Ngati amadwala khunyu, mankhwala asadukize. Sungani bwino kadi lake la ku kiliniki. Lamulo la anthu olemala la 2012 limateteza ufulu wake, ndipo a ZAPD amalembetsa olemala ndi kuwapatsa kadi, limene limathandiza popempha Social Cash Transfer ku ofesi ya Social Welfare.

Amene amusunga naye amatopa. Cigwirizano cikonze zosinthana, kuti maiyo apezeko tsiku lopita kumunda kapena kumsika mtima uli m'malo.