Mbande yochokera kutali

Alimi anzanga, kulikonse kumene mukundimvera, kaya muli pakhonde mukuswa mtedza wa mbewu, kaya wailesi mwaikoleka pamtengo kudimba, lero ndinakonza zoti tikambe za mizere poti mvula yayandikira, koma pali nkhani imene yandikhala pamtima kuyambira sabata yatha, ndipo nayonso ndi ya ulimi ndithu.

Ndinapita kukaona nkhokwe pakhomo pena. Ndikuyang'ana ngati anankafumbwe alowa, ndinaona kamnyamata ka zaka ngati zisanu ndi zitatu katakhala pa mtondo, nsapato kuphazi, kakuyang'ana nkhuku ngati kakuona zachilendo. Nditapereka moni kanangondiyang'ana. Mayi a pakhomopo ndiwo anandimasulira. Achimwene awo anamwalira ku Johannesburg, maliro anabwera pagalimoto, ndipo mwanayu anabwera ndi maliro omwewo. Anabadwira konko, mayi ake anali a konko ndipo nawonso anatisiya kale. Amalankhula Chizulu ndi Chingerezi. Mayiwo anati, "Alangizi, mwanayu tamutenga, ndi wathu, koma sakudya. Therere akaliona amakankha mbale."

Tikamva zotenga mwana wa dziko lina, ambiri timakumbukira Madonna uja anadzatenga mwana ku Mchinji mu 2006. Koma palinso ana olowera kuno: a ku Joni, a ku Zimbabwe kumene azigogo athu anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, a ku Angónia ndi Milange kungodumpha malire apa. Safikira m'nyumba za magetsi ayi, amafikira kwa inu alimi.

Tiyambire kunkhokwe. Ife alangizi timawerengera kuti munthu wamkulu amafunika matumba asanu ndi limodzi a chimanga a makilogalamu 50 pa chaka, mwana wamng'ono atatu. Munakolola musakudziwa kuti kubwera pakamwa pena. Ndiye musanagulitse thumba lina lililonse kwa mavenda, werengeraninso. Kupanda kutero mudzaona kuti chimanga chimene chimakufikitsani mu Malichi chatha mu Januwale, ndipo njala ikalowa m'nyumba, diso limagwera pa wobwera. Mawu aja akuti "ukutithera ufa" amayambira pamenepo. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma uyutu si mame. Wabwera kudzakhala.

Chaka chino onjezerani mizere. Mtunda wa mzere ndi mzere ukhale masentimita 75, phando ndi phando masentimita 25, mbewu imodzi paphando, monga timanenera nthawi zonse. Ngati feteleza wakucheperani, musamwaze pang'onopang'ono munda wonse. Mizere yoonjezerayo ikhale ya mbatata, mtedza kapena soya.

Tsopano za kusadya zija. Inu a kudimba mukudziwa kuti mbande ya tomato kapena ya fodya sitiizula panazale n'kukaiponya padzuwa tsiku lomwelo. Timayamba taikhwimitsa, kuchepetsa madzi, kuchotsa udzu pang'onopang'ono, ndipo timawokera madzulo. Ngakhale titero, masiku oyamba imafota, ndipo palibe mlimi amaikalipira kuti n'chifukwa chiyani wafota. Mwana wakulira pa buledi, tiyi wa mkaka ndi nsima yoyera ya ufa wa m'sitolo, ndiye mwamuikira mgaiwa ndi chisoso, mukuti adye bwanji tsiku loyamba? Sikuti ndi matama. Lilime silinazolowere.

Yambani ndi zimene pakamwa pake pangalandire. Mbatata yofiira mkati, kaya Kadyaubwerere, Kaphulira, Chipika kapena Zondeni, ana ambiri saikana chifukwa imatsekemera, ndipo ili ndi vitamini A. Futali wa mbatata yotere wothira nsinjiro ndi chakudya chokwanira cham'mawa. Phala lipangeni ngati la Likuni: makapu anayi a chimanga, kapu imodzi ya soya wokazinga, mukagayitsire limodzi. Nkhwani wotendera amalowa msanga kuposa therere. Usipa muukazinge uume bwino, mwina musinje n'kuthira m'ndiwo. Dzira limodzi musalione ngati mwataya nkhuku. Magulu aja asanu ndi limodzi a zakudya, zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, onse alipo pakhomo panu, simufunika kupita kugolosale. Koma chonde mtedza wa nsinjiro musankhe. Wachuku uja, wofota ndi woola, musaupatse mwana aliyense, ngakhale nkhuku zimene.

Chinanso, ngati anawo amadyera mbale imodzi, khalani pafupi. Ana athu akumudzi dzanja lawo ndi lachangu. Mlendoyu akamapuzira mbamu yoyamba, anzake amakhala atamaliza ntanda wachiwiri. Mugawireni payekha kwa milungu ingapo mpaka dzanja lake lifulumire.

Pali zinthu zimene mwana wobadwira pano amazidziwa osaphunzitsidwa ndi munthu, ndipo ife timaiwala kuti wobwera sazidziwa. Sadziwa kusiyanitsa chinangwa chozizira ndi chowawa chimene chimafunika kuviika masiku angapo chisanadyedwe. Sadziwa kuti chitedze sachikhudza. Nthanga za nsatsi angaziyese mtedza. Mvula ikagwa adzaona anzake akuzula bowa, iye n'kuzula wina aliyense. Yendani naye m'munda, mumuonetse ndi chala, mutchule dzina, abwereze. Chichewa amaphunziriranso momwemo. Ndipo inu amene mumasunga mankhwala opopera mbewu m'botolo la Fanta n'kulibisa kuseri kwa chitseko, lero lomwe chotsani. Mankhwala azikhala m'botolo lake lomwe, pamwamba, pokhoma.

Malungo musawachedwere. Ku Johannesburg kulibe malungo, choncho thupi la mwana wakulira kumeneko silinakumanepo nawo, ndipo akamugwira amamugwetsa msanga kuposa anzake. Agone m'neti usiku uliwonse. Neti ija munatchingira nazale ya mpiru, imeneyo ndi ya mwana. Thupi likangotentha, kuchipatala tsiku lomwelo. Kudambo kumene mumathirira, asamasambe m'madzi oima, kuli likodzo.

Apa pokha ndilankhule mosapsatira, chifukwa ndaziona m'midzi yambiri. Mwana wotengedwa amasanduka waganyu wosalipidwa. Ana obereka ali kusukulu, iye ali kubusa. Anzake akudya, iye akuingitsa mbalame kumpunga. Mukafunsa, eni khomo amati tikumuphunzitsa ntchito. Kuphunzitsa ntchito n'kwabwino, ine ndinagwira khasu ndili wamng'ono, koma muyeso wake ndi wosavuta: chimene simungatume mwana wanu wobereka wa msinkhu womwewo, musatume uyu. Lamulo la ntchito la dziko lino silimalola kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo ntchito zoopsa siziloledwa kwa aliyense wosakwana zaka 18. Kupopera mankhwala ndi imodzi mwa izo. Kuthyola fodya wonyowa ndi mame ndi ina: chikonga cha m'masamba chimalowera pakhungu, mwana n'kuyamba chizungulire ndi kusanza, inu n'kumati walodzedwa.

Chimene ndinawauza mayi aja, ndipo ndikuuzani nanunso, n'chakuti mumupatse chake. Msoti umodzi wa nkhuku, anthu onse pakhomo adziwe kuti iyi ndi ya uje. Aziipatsa yekha madeya, azitsekera yekha khola, aziwerenga masiku 21 ikamafungatira. Tsiku la katemera wa chitopa, amene timadontheza m'diso miyezi inayi iliyonse, aigwire yekha nkhuku yakeyo. Mumudulirenso mizere iwiri kapena itatu ya mtedza m'mbali mwa munda. Mwana amene ali ndi anapiye oti awaone m'mawa amasiya kufunsa kuti basi yobwerera ibwera liti. Koma mukatero musadzagwire nkhukuyo n'kuphera alendo osamufunsa, mudzagwetsa zonse munamanga.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya malo, ndipo ambiri amaizengereza mpaka maliro. Kwa ife a chikamwini munda umatsata kuchikazi. Mwana wa mchemwali wanu ndi mbumba, malo ake alipo kale. Koma mnyamata ndinamuona uja ndi mwana wa mchimwene, mayi ake ndi a dziko lina. Mwa mwambo, kwawo ndi kwa mayi ake, kumene sakudziwako ndi munthu mmodzi yemwe. Lero ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, aliyense akumumvera chisoni. Akadzafika zaka 20 n'kufuna polima, inu mutapita, asuweni ake omwe akusewera nayewa adzamuuza kuti kwanu ndi ku Joni. Musadikire zimenezo. Itanani mwinimbumba, pitani kwa amfumu, muloze ndime yake pamaso pa mboni, zilembedwe m'buku la mudzi ndipo pepala lina musunge. M'malire mwake dzalani naye mitengo mvula ino, kaya mango, kaya nsangu, ikule naye limodzi. Mtengo umene munthu anadzala ali mwana mudzi wonse ukuona suvuta kuuchitira umboni.

Mapepala akenso musawasiye m'chikwama chimene anabwera nacho kuti chiswe chidye. Pitani nawo kuboma, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, akakuuzeni njira yoti mwanayo adziwike mwalamulo kuti ali m'manja mwanu. Kumutenga kukhala wanu kotheratu kumadzera kukhothi. Akakulozeraninso ku ofesi ya kalembera ya NRB kuti akalembetsedwe. Kusukulu mukalankhule ndi aphunzitsi kuti Chichewa sanachigwire, asamuyese wopusa.

Nthawi yatithera. Ndikadutsanso pakhomo paja Lachinayi, chifukwa mayiwo analonjeza kuti msoti ukhala utapatulidwa, ndipo ndikawatengera zingwe za Kadyaubwerere kuti aziike panazale kudimba podikira mvula. Za mizere tidzakamba sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Pakadali pano amene simunamalize kugalauza, malizani.