Jombo Zoletsedwa: Nsapato ya Msodzi Ingadwalitse Bwanji Mtsinje?

Pa 1 Okutobala 2008, dziko la New Zealand linaletsa asodzi a m'mitsinje ndi m'nyanja zake kuvala mtundu wina wa jombo. Mu 2011 zigawo za Maryland ndi Vermont ku America zinachitanso chimodzimodzi, ndipo Alaska inatsatira mu 2012. Mwina mukudabwa kuti jombo yalakwanji. Tiyeni tione, chifukwa nkhaniyi ndi bayoloje yokhayokha.

Jombo zake n'zotani?

Kumayiko amenewa anthu ambiri amawedza nsomba yotchedwa trout ataimirira m'madzi, nthawi zina ofika m'chiuno. Miyala ya mumtsinje imaterera, ndipo aliyense amene anawolokapo mtsinje wa miyala akudziwa. Pofuna kuti asamagwe, asodzi amavala jombo zomwe kunsi kwake anamatako felt, nsalu yokhuthala yopangidwa popanikiza ubweya kapena ulusi pamodzi. Felt amagwira mwala bwino kwambiri.

Vuto lagona pomwepo. Felt ali ngati siponji: ali ndi timipata tosawerengeka momwe mumalowa madzi, matope ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso. Jombo ya labala imauma msanga, koma felt amakhala wonyowa mkati masiku ambiri ngakhale pamwamba pakuoneka pouma. Msodzi akachoka mumtsinje wina Loweruka n'kukaponda wina Lamlungu, amakhala wanyamula alendo osawadziwa.

Mlendo woyamba: ndere ya didymo

Dzina lake la sayansi ndi Didymosphenia geminata. Ndi ndere ya selo limodzi, ya m'gulu la diatom. Selo lililonse limadzimata pamwala ndi kaphesi, ndipo timapesiti tikachuluka timapanga chibulangete chokhuthala pansi pa mtsinje. Chimaoneka ngati mamina, n'chifukwa chake pa Chingerezi anachitcha "mamina a mwala", koma ukachigwira chimamveka ngati thonje lonyowa.

Ku New Zealand didymo anapezeka koyamba mu 2004 mumtsinje wa Waiau, ndipo patangopita zaka zochepa anali atafika m'mitsinje yambiri ya chilumba cha kummwera. Chibulangetecho chikakuta miyala, tizilombo tina tomwe timakhala pamiyalapo timasowa malo. Pajatu tizilombo ngati timeneti ndiye chakudya cha nsomba. Mukukumbukira phunziro la mmene zamoyo zimadyerana? Kusokoneza pansi ndiye kusokoneza onse a pamwamba.

Mlendo wachiwiri: matenda ozunguza nsomba

Matendawa amayamba ndi kachilombo kotchedwa Myxobolus cerebralis, kochokera ku Ulaya, komwe kanapezeka ku America m'zaka za m'ma 1950. Moyo wake umafuna zamoyo ziwiri: nsomba ya trout ndi kanyongolotsi ka m'matope kotchedwa Tubifex tubifex. Kakatuluka mu nyongolotsi kamalowa m'thupi la kamwana ka nsomba n'kuyamba kudya mafupa ake anthete asanakhwime. Msana umapindika, mchira umada, ndipo nsombayo imangozungulira ngati ikuthamangitsa mchira wake. Yotereyo singadye bwino kapena kuthawa adani.

Nsomba ikafa, mbewu za kachilomboka zimatsalira m'matope, ndipo n'zolimba kwambiri. Matope omwewo ndi amene amakanirira mu felt. M'mbali zina za mtsinje wa Madison ku Montana, nsomba za rainbow trout zinachepa ndi pafupifupi 90 pa 100 iliyonse m'zaka za m'ma 1990 matendawa atalowa.

Mlendo wachitatu: kankhono

Pali kankhono kochokera ku New Zealand, kakang'ono ngati njere ya mpunga, komwe kanapezeka mumtsinje wa Snake ku Idaho mu 1987. Kakakazi kamabereka popanda kakamuna. Ndiye tangoganizani: kamodzi kokha kobisala mu jombo n'kokwanira kuyambitsa mtundu wonse kumalo atsopano.

Kodi kuletsako kunathandiza?

Apa ndiye pali mtsutso. Asodzi ena amati jombo za labala zimaterera, ndipo kugwa mumtsinje wothamanga kungathe kupha munthu. Ena amati felt si njira yokhayo: tizamoyoti timayendanso pa zingwe za nsapato, maukonde, mabwato ngakhalenso mbalame.

Chinanso n'chakuti asayansi atafufuza bwino anapeza kuti m'madera ena a kumpoto kwa America didymo si mlendo ayi, analipo kuyambira kale. Amachulukana modetsa nkhawa madzi akakhala ndi mchere wa phosphorus wochepa kwambiri. Chifukwa cha zimenezi, Vermont inachotsa lamulo lake mu 2016, pomwe New Zealand ndi Alaska sanalichotse. Musaone ngati asayansi anasokonezeka. Umboni watsopano ukabwera, maganizo amasintha, ndipo umu ndi mmene sayansi imayendera.

Chomwe onse amagwirizana ndi njira zitatu izi. Yang'anani zida zanu n'kuchotsa matope ndi zomera musanachoke pamtsinje. Zitsukeni ndi madzi otentha kapena mankhwala ophera tizilombo. Kenako ziumitseni mpaka mkati. Ku New Zealand amalangiza kudikiranso maola 48 zitauma kale.

Nanga kwathu kuno?

Jombo za felt sizioneka kawirikawiri kuno, koma phunziro lake likutikhudza. Namasupuni amene wadzaza mumtsinje wa Shire kwawo ndi ku South America. Mu 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda a nsomba otchedwa EUS, omwe angafalikire kudzera mu nsomba zodwala ndi zida zonyowa. Ukonde wobwereka kudambo lina ungagwire ntchito yomweyo imene felt amagwira.

Yesani nokha

Tengani chidutswa cha bulangete lakale ndi chidutswa cha chubu cha njinga. Yezani kulemera kwa chilichonse pa sikelo ya ku labu, zinyowetseni, n'kuziika pamthunzi. Muziyeza m'mawa uliwonse ndi kulemba zotsatira. Ndi chiti chayamba kubwerera pa kulemera kwake koyamba, ndipo chinacho chatenga masiku angati? Jambulani girafu, kenako kambiranani ndi anzanu: mukanakhala inu opanga malamulo, mukanaletsa felt kapena ayi?