Tikabinya Phazi

Nthawi ya dzinja njira zimaterera. Mayi akuchokera kuchitsime ndi ndowa pamutu, kapena bambo akulumpha mizere khasu lili paphewa, phazi limaponda mopendekeka n'kupindikira m'kati. Posakhalitsa kakolo watupa. Pamenepo timati munthu wabinya phazi. Zikachitika mu Disembala nkhawa imakula, pakuti udzu m'munda sudikira kuti mwini wake achire.

Kodi m'katimo mwachitika chiyani? Phazi limodzi lili ndi mafupa 26. Mafupawa ndi omangidwa ndi mitsempha yolimba, monga luzi limangira mitengo ya denga. Phazi likapindika, mitsempha ya kunja kwa kakolo imakokeka kwambiri, mwina n'kung'ambika pang'ono. Magazi ndi madzi zimasonkhana pamenepo. Kutupa kuja ndi kumeneko.

Poyamba tiyenera kuona ngati fupa lathyoka. Mu 1992 madokotala a ku Ottawa, m'dziko la Canada, anafalitsa njira yapafupi yodziwira munthu wofunika kumujambula fupa. Wovulalayo ayese kuyenda ndi kuponda kanayi. Kenaka tidinikize ndi chala kumbuyo kwa mafupa awiri otumphuka a kakolo, ndi fupa la m'mbali mwa phazi, mbali ya chala chaching'ono. Akalephera kuyenda, kapena akamva ululu waukulu pafupa penipeni, timunyamule kupita naye kuchipatala. Phazi likakhota, kapena zala zikazizira ndi kuchita dzanzi, tipite tsiku lomwelo.

Ngati fupa lili bwino, masiku awiri kapena atatu oyamba ndi opumitsa phazi. Tiviike nsalu m'madzi ozizira a mumtsuko ndi kuika pakakolo kwa mphindi 15 kapena 20, kangapo pa tsiku. Timange ndi kansalu kong'amba pachitenje, kuyambira kuzala kukwera kumtunda, koma tisathinitse. Pogona phazi likhale pathumba kapena pamtsamiro, likwere kuposa chifuwa.

Kwathu kuno tinazolowera kuthowa ndi madzi otentha. Kuthowa sikoipa, koma kudikire masiku atatuwa apite, chifukwa kutentha kumawonjezera kutupa. Kukoka phazi mwamphamvu kumang'amba mtsempha umene wavulala kale. Mphini nazo sizifika pamtsempha, zimangotsegulira khomo kafumbata, ndipo lumo lotemera anthu ambiri limafalitsa HIV.

Tsopano tafika pamene ambiri amalakwa. Wina amakhala pamphasa milungu itatu osagwedeza phazi, kakolo n'kuuma ngati chitsa. Wina ululu ukangochepa amathamangira kumunda, ndipo mwezi usanathe wabinyanso pomwe paja. Onse awiri asiya mankhwala amodzi osagula: kuliphunzitsanso phazi ntchito yake. M'zipatala zazikulu muli anthu amene anaphunzira luso limeneli. M'Chipwitikizi limatchedwa fisioterapia. Zambiri zimene amaphunzitsa tingazichite pakhonde pathu.

Choyamba chimatikondweretsa ife aphunzitsi, chifukwa ndi phunziro lathu lomwe lino. Khalani pampando, tukulani phazi lovulala. Chala chachikulu chikhale choko, mpweya ukhale bolodi. Lembani A. Lembani E, I, O, U. Bondo lisagwedezeke, agwire ntchito ndi kakolo yekha. Chilembo O chimazungulitsa phazi lonse, A amalikweza ndi kulitsitsa, Z amalipititsa uku ndi uku. Mukazolowera, lembani dzina lanu lonse, kenaka dzina la mudzi wanu. Chitani zimenezi katatu pa tsiku. Ana akaseka asiyeni aseke, muwauze atchule chilembo chimene mwalemba.

Kenaka khalani pamphasa, tambasulani mwendo, kolani chitenje pansi pa phazi cha kuzala ndi kukokera kwa inu pang'onopang'ono. Werengani mpaka 30, masulani, bwerezani katatu. Mukayamba kuponda bwino, gwirani nsanamira ya khonde, nyang'amani pazala ndi kutsika mofatsa, kakhumi.

Chotsiriza anthu amachipeputsa, koma ife tikuona kuti chimaposa zonse. Imani ndi mwendo wovulala wokha pafupi ndi khoma, muwerenge mpaka 30. Chifukwa chake n'chiyani? Mitsempha ya kakolo simanga mafupa chabe. Imauzanso ubongo mmene phazi lapondera, ngakhale mumdima. Ikavulala, uthenga umenewu umachedwa, ndipo phazi limapindika munthu asanazindikire. Kuima ndi mwendo umodzi kumabwezera luso limeneli. Zikayamba kuphweka, yesani mutatsinzina. Pitirizani milungu ingapo ngakhale ululu utatha.

Kupweteka pang'ono pochita zimenezi sikoopsa. Ululu wolasa ukabwera, lekani. Kukacha kakolo atatupa kuposa dzulo, ndiye kuti munachita mopitirira, chepetsani.

Kubinya kochepa kumachira pa milungu iwiri kapena itatu. Kwakukulu kumatenga milungu 6, mwina kuposa. Pobwerera kuntchito yambani pamalo osalala, pamutu popanda katundu, kakolo ali womanga. Masiku oyamba anzathu a m'kalasi muno angathe kumupalirirako mnzawo mizere ingapo. Milungu 6 ikatha kakolo akupwetekabe, kapena akumangopindika yekha poyenda, pitani kuchipatala cha pafupi mukapemphe kalata yokaonana ndi a fisioterapia. Odwala shuga, ndi amene anadwalapo khate, asadikire milunguyi. Mapazi awo nthawi zina samva ululu bwino, choncho apite msanga akangovulala.

Tiwerenge ndi kulemba m'makope mwathu: pha-zi, ka-ko-lo, fu-pa, chi-te-nje.

Tikambirane: ndi malo ati panjira ya kuchitsime kwathu pamene anthu amaterereka kawirikawiri? Ndani angapakonze, ndipo tsiku liti?