Musanalandire Mahomoni Okusakanizirani, Imvani Izi

Mu 2007, madokotala a ku Sydney analemba m'magazini ya Medical Journal of Australia za amayi atatu amene anapezeka ndi khansa ya m'kati mwa chiberekero. Onse atatu ankagwiritsa ntchito mahomoni otchedwa bioidentical, amene wogulitsa mankhwala amasakaniza pamanja kwa munthu mmodzimmodzi. Ankangofuna kuti mavuto obwera mayi akamasiya kusamba achepe: thupi kutentha mwadzidzidzi, thukuta usiku wonse, tulo kusowa. Kodi inu simukanafuna zomwezo?

Kuti mumvetse chimene chinakokera amayi ambiri ku mankhwala amenewa, bwererani ku Julaye 2002. Ku America kunali kafukufuku wamkulu wa Women's Health Initiative, wa amayi 16,608 a zaka 50 mpaka 79. Anamuimitsa nthawi isanakwane chifukwa amayi omwa mapiritsi a mahomoni otchedwa Prempro ankadwala kwambiri kuposa anzawo. Pa amayi 10,000 alionse, chaka chilichonse panali 8 owonjezera odwala khansa ya m'mawere ndi 8 owonjezera ogwidwa sitiroko. Mantha anagwira anthu, ambiri nataya mapiritsi awo. Koma thukuta la usiku silinathe. Pamenepo zipatala zophatikiza mankhwala achizungu ndi njira zina zochizira zinatsegula khomo, ndipo katswiri wa pa kanema Suzanne Somers anatchukitsa mahomoni osakanizawa ndi mabuku ake a mu 2004 ndi 2006. Uthenga unali wokoma m'khutu: awa ndi achilengedwe, apimidwa molingana ndi thupi lanu, alibe vuto.

Apa ndi pamene phazi linaterereka, ndiye mvetserani bwino.

Homoni ya estrogen imakulitsa khungu la m'kati mwa chiberekero monga feteleza amakulitsira chimanga ndi udzu womwe. Homoni ya progesterone ndiyo imaletsa khungulo kukula mopyola. Madokotala akhala akudziwa kuyambira 1975 kuti mayi amene ali ndi chiberekero akamalandira estrogen popanda progesterone yokwanira, khungulo limanenepa mpaka lingasanduke khansa. Chiberekero sichifunsa ngati estrogen yachokera ku soya, ku chilazi cha kutchire kapena ku fakitale. Chimangomvera.

Tsono funso ndi ili: ndani anatsimikiza kuti progesterone ili m'kabotolo kanu ndi yokwanira? Mankhwala ovomerezeka ndi boma amayesedwa pa anthu zikwizikwi, mlingo wake umapimidwa, ndipo m'bokosi mumakhala pepala lochenjeza. Osakaniza pamanja sadutsa njira imeneyi. Mu 2001 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linayesa mankhwala osakaniza 29 a mitundu yosiyanasiyana, ndipo 10 analephera, ambiri chifukwa mphamvu yake inali yochepa kuyerekeza ndi yolembedwa. Progesterone yodzola pakhungu nayo sikhala yodalirika poteteza chiberekero. Mayi amamva bwino chifukwa estrogen ikugwira ntchito: tulo tabwera, thupi lapepuka. Pomwe chitetezo chikuperewera sipapweteka. N'chifukwa chake amapitiriza miyezi ndi zaka ali wokondwa.

Musaganize kuti nkhaniyi inathera ku Sydney. Mu 2008 FDA inalembera makalata ochenjeza masitolo asanu ndi awiri osakaniza mankhwala chifukwa chonena zimene analibe nazo umboni. Mu 2018, oyendera a bungweli anapeza kuti kampani ya BioTE Medical, ya timibulu ta mahomoni toika pansi pa khungu, inali ndi malipoti 4,202 a mavuto amene sanafike ku boma, ena mwa iwo a khansa ya chiberekero. Mu 2020, bungwe la National Academies la ku America linanena kuti palibe umboni wokwanira wosonyeza kuti mahomoni osakanizawa ndi otetezeka. British Menopause Society nayo siwalimbikitsa. Inu amene muli ku London kapena ku Johannesburg, ngakhalenso inu amene mumaona malonda a "kukonza mahomoni" pa Facebook ndi WhatsApp, nyambo ndi yomweyo.

Dziwani zizindikiro za msampha. Akakuuzani kuti mankhwalawa alibe vuto lililonse, imani kaye. Homoni yamphamvu moti n'kuthetsa thukuta ndi yamphamvu moti n'kuvulaza. Akakupimani malovu kuti apeze mlingo wanu, kayikirani, chifukwa mahomoni m'malovu amasinthasintha tsiku lomwelo. Akafuna kukuikani kambulu pansi pa khungu, kumbukirani kuti piritsi mungalisiye mawa, koma kambulu kamakhala m'thupi miyezi ingapo. Ngati amene akukupimani ndi yemwenso akukugulitsani, dzifunseni kuti phindu lake lili pati. Nanga anakufunsani ngati muli ndi chiberekero? Anakufunsani ngati kwanu kunali odwala khansa ya m'mawere, ngati magazi anu anaundanapo m'mitsempha, ngati mumasuta? Ngati sanafunse, sakukusamalani. Ndipo inu mukapanda kufunsa, paja safunsa anadya phula.

Chizindikiro chachikulu koposa ndi magazi. Mukatha chaka chathunthu osasamba kenako n'kuona magazi, ngakhale kadontho pa kabudula wam'kati, musalole wina akuuzeni kuti thupi likudzitsuka kapena kuti utsikana wabwerera. Musaonjezere mlingo. Pitani kuchipatala sabata yomweyo. Nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala chaching'ono, koma umu ndi mmenenso khansa ya chiberekero imayambira kudzionetsa, ndipo ikapezeka msanga imachizika. Ku Malawi, kumene khansa ya khomo la chiberekero yatenga amayi ochuluka, magazi otere si ochedwa nawo.

Sindikukuuzani kuti muzingopirira. Mahomoni ovomerezeka amathandiza amayi ambiri, makamaka osakwana zaka 60 kapena amene sanathe zaka 10 chisiyireni kusamba. Ndipo ngati mukufuna ofanana ndendende ndi a m'thupi lanu, estrogen yotchedwa estradiol ndi progesterone zoyesedwa bwino zilipo kale m'mabokosi ovomerezeka. Pitani kwa dokotala wa amayi, mufotokozereni zonse zimene mukumwa ndi kudzola, ndipo mumufunse maso ndi maso kuti: "Kodi chikuteteza chiberekero changa n'chiyani?" Musatuluke m'chipindamo musanamve yankho.