MIYALA YA KUMANDA NDI MABUKU A MPINGO: Njira Yofunira Mbiri ya Makolo Athu

Mwana wa sukulu akafunsa atate wace kuti, "Kodi agogo ao a agogo anga anali yani, ndipo anagona kuti?" kawirikawiri atate aja angoloza ku msitu wa kuseri kwa mudzi, nati, "Ali uko." Koma akafunsidwa dzina ndi caka, mau awathera. Sitinena kuti makolo athu sanasamale mbiri yao ai, pakuti anaisunga pamtima, naipatsira ana ao madzulo poota moto. Koma lero ana ali ku Lusaka ndi ku Migodi, ndipo nkhalamba iri yonse ikatsikira kumanda, maina ambiri atsikira nayo pamodzi. Pambuyo pace pauka mirandu ya minda ndi ya unyakwawa, abale nakangana kuti woyamba kulima pano anali yani, popanda wakuwaweruza. Cifukwa cace phunziro lathu liri la kufunafuna mbiri ya banja pa miyala ya kumanda ndi m'mabuku a maliro, makamaka kwa ife a m'maboma a Petauke ndi Nyimba.

Manda m'Mau a Mulungu

Ena aganiza kuti Mkristu sayenera kusamala za manda, kuopa kuti angafanane ndi opembedza mizimu. Koma taonani Abrahamu. Malo oyamba amene anagula m'dziko la Kanani anali manda a mkazi wace Sara, phanga la Makipela, ndipo analipira masekeli a siliva 400 pamaso pa mboni (Genesis 23). Yakobo anaimika mwala pa manda a Rakele (Genesis 35). Mfumu Yosiya, pakupasula maguwa a mafano ku Beteli, anaona cizindikiro ca manda ena nafunsa mwini wace. Ndipo atamva kuti ndi a mneneri wa Mulungu, analamula kuti mafupa ace asasunthidwe (2 Mafumu 23). Cizindikiro cija cinapulumutsa manda, koma cinatero cifukwa panali anthu a m'mudzi okumbukira tanthauzo lace. Mwala ndi cikumbukiro ca anthu zinagwirizana. Ife sitipita kumanda kukapempha kanthu kwa akufa; tipitako kukawerenga umboni wa njira imene Mulungu anayendetsamo mbumba yathu.

Cimene tiphunzira kwa anthu a ku Wales

Ku Ulaya kuli dziko laling'ono la mapiri lochedwa Wales, loyandikana ndi England, ndipo anthu ace ali ndi cinenero caocao. Bvuto lao pofuna makolo lifanana ndi lathu. Kale iwo analibe dzina la banja lokhazikika. Mwana anali kungochedwa ndi dzina la atate wace, poikapo mau akuti "ap", ndiwo "mwana wa". Motero ap Hywel anasanduka Powell, ndi ap Rhys anasanduka Price. Maina a mabanja atakhazikika anakhala owerengeka, kotero kuti m'mudzi umodzi mupezeka a Jones, a Davies ndi a Williams ambirimbiri osakhala pacibale, monga kwathu kuno a Tembo, a Phiri, a Mwanza, a Lungu ndi a Daka acurukira.

Boma lao linayamba kulemba obadwa ndi akufa pa 1 Julayi 1837. Wofuna makolo a zaka za m'mbuyo mwace atsamira pa mabuku a mipingo ndi pa miyala ya kumanda. Mwala wa ku Wales kawirikawiri uchula dzina la nyumba kapena la munda kumene wakufayo anakhala, uchulanso mkazi wace ndi ana amene anafa ali akhanda. Ndipo ndi dzina la mundalo munthu asiyanitsa Jones wace ndi Jones wa eni. Poona kuti mvula ndi ndere zirinkudya malembo, mabungwe a ofuna mbiri ya mabanja ayenda manda ndi manda nalemba mau a mwala uli wonse, ndipo zolemba zotere zisungidwa ku nyumba ya mabuku ya dziko lao ku Aberystwyth. Tiphunzirapo ziwiri: dzina lokha silikwanira popanda malo, ndipo mwala nawonso umafa ukapanda kulembedwa m'buku.

Mboni yoyamba: mwala

Cilamulo ca Mose cinaletsa kuweruza mlandu ndi mboni imodzi yokha (Deuteronomo 19). Wofuna mbiri ya banja agwire lamulo lomweli. Mboni zace ndi zitatu: mwala, buku ndi nkhalamba.

Manda akale a kwathu alibe malembo. Makolo anali kuzindikira mtumbira ndi mtengo umene anabzalapo, kapena ndi mbale ndi mphika wa wakufayo. Pofika Mau a Mulungu panadza mitanda ya mitengo, imene ciswe cinadya msanga. Pambuyo pace panadza mitanda ya citsulo ndi ziliza za simenti zolembedwa ndi msomali simenti isanaume. Ndipo masiku ano tiona miyala yosema yogula m'tauni.

Powerenga ciliza kumbukirani kuti sicimangidwa tsiku la maliro. Cimangidwa patapita caka, mwina zaka khumi, pamene mwana wa kutauni wapeza ndalama. Cifukwa cace tsiku la imfa likhoza kukhala loona, koma caka ca kubadwa nthawi zambiri ndi congoganizira. Mukaona 1900, 1910 kapena 1920, mucenjere, pakuti zaka zothera pa khumi zotere ndizo anthu amalemba pamene sadziwa. Mucenjerenso ndi dzina. Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi dzina la ubwana, la ubatizo, la kunchito, ndi lina limene analowa atamwalira amalume ace. Mai akhoza kulembedwa ndi dzina la mwamuna wace lokha. Ndipo kalembedwe kasiyana: wina alemba Phiri, wina Piri, wina atsata Cinsenga, wina Cinyanja ca m'Buku Lopatulika.

Coposa zonse ndi ici: pakati pa Ansenga ndi Acewa mbumba iyenda ndi amai, koma ciwongo colembedwa pa mwala ndi pa makalata a boma kawirikawiri ndi ca atate. Motero abale a bere limodzi akhoza kugona pamodzi ndi ziwongo zosiyana, pamene anthu awiri a ciwongo cimodzi sali kanthu wina kwa mnzace. Penyani tsono amene agona pafupi ndi pafupi, pakuti magonedwe a manda anena za cibale koposa malembo.

Mboni yaciwiri: buku

Lamulo lokakamiza anthu onse a m'Zambia kulembetsa obadwa ndi akufa linadza m'caka ca 1973, ndipo ngakhale pambuyo pace maliro ambiri a kumidzi sanafike m'mabuku a boma. Tsono buku lakale la munthu wa kumudzi ndilo la mpingo. Misyoni ya Dutch Reformed, imene inayamba ku Magwero mu 1899, inatsegula Nyanje mu 1905, Hofmeyr kufupi ndi Nyimba mu 1914, ndi Merwe mu 1923. Mipingo imeneyi lero iri ya Reformed Church in Zambia. Akatolika anamanga Minga m'zaka za m'ma 1920. Aangilikani anali ku Msoro, kumene wansembe Leonard Kamungu, wocokera ku Nyasaland, anagwira nchito pakati pa anthu a cigwa ca Luangwa kufikira imfa yace mu 1913. Yambani mwafunsa kuti agogo anu anali kupemphera kuti, ndipo kuti mudzi wao unali pansi pa misyoni iti m'zaka zimenezo, pakuti mipingo yambiri ya lero inabadwa mwa ina, ndipo mabuku akale akhoza kutsala kwa mai wace wa mpingo.

M'mabuku a ubatizo, a ukwati ndi a Akristu a mgonero mupezamo dzina la munthu, mudzi wace, nthawi zina makolo ace kapena mboni zace. Ndipo pambali mlembi akhoza kuikapo mau akuti anamwalira, kapena kuti anatenga kalata kunka kwina. Pemphani kwa abusa mwaulemu, sambani m'manja, musalembemo kanthu, ndipo musapemphe kutuluka nalo buku.

M'nyumba momwe muli mabuku ena: tsamba loyamba la Baibulo la agogo, kalata wa ubatizo, citupa ca msonkho, ndi cikalata ca registireshoni cimene boma linayamba kupereka dziko litalandira ufulu mu 1964, cimene cichula mudzi, mfumu ndi boma la mwini wace. Ku Lusaka, ku National Archives of Zambia, kuli mabuku amene ma DC anali kulembamo za mafumu ndi midzi ya maboma ao. Wa ku Nyimba afune m'buku la Petauke, pakuti kale Nyimba inali pansi pa boma limenelo.

Mboni yacitatu: nkhalamba

Nkhalamba sidziwa caka, koma idziwa cimene cinacitika. Ikati, "Anafa pa cimfine cacikuru cija nkhondo ya Jeremani itangotha," lembani 1918 kapena 1919. Ikati, "Anabadwa pa njala ija tinadya mizu," funsitsani, kapena ndi ya 1949. Ikati, "Tinamuika Kaunda asanatenge dziko," mudziwa kuti ndi m'mbuyo mwa 24 Okutobala 1964. Funsani amai okalamba koposa, pakuti ndiwo asunga mzere wa mbumba. Funsaninso adzukulu amene anakumba manda, pakuti adziwa wogona pansi pa mtengo uli wonse.

Nkhalamba ndiyonso idziwa matongwe, kumene mudzi unali kale. Midzi yathu yasamuka kambiri: kufuna nthaka, kufuna madzi, kutsata mseu waukuru wa ku Lusaka, ndiponso mu 1928 ndi zaka zotsatira, pamene boma la Atsamunda linadula malo a anthu akuda, midzi yambiri nicotsedwa pa dziko la kampani ya North Charterland. Wofuna manda a 1920 pafupi ndi mudzi wa lero akhoza kufuna pacabe.

Tiyerekeze tsono. Ciliza citi agogo anabadwa 1910. Buku la misyoni liti anabatizidwa ali mnyamata wa m'kalasi mu 1931. Mlongo wao ati anali pamsana pa amai ao pamene amuna anatengedwa kukasenza katundu wa nkhondo, ndiyo ya 1914 kufikira 1918. Mboni ziwiri zibvomerezana kuti anabadwa capafupi ndi 1915, ndipo mwala walakwa. Lembani zonse zitatu, ndi kumene munazitenga, kuti wodza m'mbuyo mwanu akaweruze yekha.

Polowa kumanda

1. Musalowe nokha kapena mobisa. Manda ali m'manja mwa nyakwawa ndi mfumu ya dziko, kaya ndi kwa Kalindawalo, kwa Nyanje, kwa Ndake kapena kwina. Ndipo m'midzi ina ya Acewa msitu wa manda uli ndi miyambo yace. Wolowa wosapempha adziitanira mlandu ndi mbiri ya ufiti, nanyozetsa dzina la Ambuye.
2. Pitani usana, pamodzi ndi mkulu wa banja ndi mkulu wa mpingo. Nyengo yabwino ndi ya cilimwe, udzu utapsya.
3. Malembo ofufutika aoneka bwino m'mawa, dzuwa likali capansi. Thirani madzi oyera. Musapale ndi waya kapena mpeni.
4. Lembani mau onse monga aliri, ndi zolakwa zomwe, osakonza. Jambulani ndi foni, koma lembaninso m'buku, pakuti foni itayika.
5. Lembani cithunzi ca malo: mtengo waukuru, njira, ndi ogona kumanja ndi kumanzere.

Ogona kutali

Banja liri lonse la kuno liri ndi wina amene ananka ku Harare, ku Hwange, ku Kabwe kapena ku Migodi osabweranso. Kumeneko manda ali m'manja mwa khonsolo kapena a mgodi, ndipo buku la maliro lichula nambala ya manda ngakhale palibe mwala. Koma wofuna adziwe dzina limene munthuyo anali kulembetsa kunchito. Ena alibe manda aoao: pa ngozi ya mgodi wa Mufulira mu 1970 anafa anthu 89, ndi pa ya mgodi wa malasha wa Wankie mu 1972 anafa 427, a ku Zambia ali pakati pao, ambiri natsalira pansi pomwepo. Tikumbukirenso alendo ogona kwathu, monga othawa nkhondo ya ku Mozambique amene anakhala ku Ukwimi. Tsiku lina ana ao adzadza kudzafunsa, ndipo tiwalandire monga tifuna kulandiridwa kwa eni.

Udindo wathu

Ife amene tidandaula kuti makolo sanatilembere, tirinkulembera ciani adzukulu athu? Pomanga ciliza, lembani maina onse a wakufayo, ciwongo ca atate ndi ca amai, ndi mudzi wace; caka cosadziwika bwino musaciname. Ciliza cisakhale ca mpikisano cosiya ana amasiye ndi ngongole. Mau oona pa simenti aposa mau onama pa mwala wa mtengo wapatali. Mpingo uli wonse ukhale ndi buku la maliro, losungidwa m'bokosi la citsulo kuopa ciswe ndi kudontha kwa denga. Ndipo tisatope nazo, podziwa kuti ngakhale iwo amene mtumbira wao unasalala kalekale, osatsala ndi dzina pa mwala kapena m'buku, Mbusa Wabwino awadziwa, nadzawaitana tsiku la kuuka.

Mafunso a pa msonkhano wa banja

1. Chulani amai a amai anu kufikira mibadwo inai. Mwalekeza pati?
2. Ndani wamkulu woposa onse m'mbumba mwanu, ndipo mudzamcezera liti ndi buku m'manja?
3. Kodi buku la maliro la mpingo wanu liri kwa yani?