Phunziro la Mwezi Uno: Masewera a Kaiti ndi Thabwa pa Nyanja

Anthu a m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, kuyambira ku Nkopola kufikira ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, azolowera kuona alendo ali kusewera pa madzi. Ena akokedwa ndi boti la injini ataimirira pa thabwa. Ena owerengeka afika ndi kaiti yaikulu ngati thanga la ngalawa, ndipo mphepo ndiyo iwakoka. Masewera a boti aja dzina lake ndi wakeboarding, ndipo a kaiti ndi kiteboarding. Madzi amene alendowa aseweramo ndi omwewo amene asodzi atcheramo maukonde, amayi achapiramo ndi ana asambamo. Chifukwa chake nkofunika kuti mudzi uliwonse wa kunyanja udziwe kachitidwe ka masewerawa ndi ngozi zake.

Kumene anachokera

Kutsetsereka pa madzi mokokedwa ndi boti kunayambira pa nyanja ya madzi opanda mchere monga ya Malawi. M'chaka cha 1922 mnyamata wina, Ralph Samuelson, anamanga matabwa awiri kumapazi kwake nakokedwa ndi boti pa Lake Pepin ku Minnesota m'dziko la America. M'chaka cha 1985 Tony Finn wa ku San Diego anayamba kugulitsa thabwa limodzi lalifupi lotchedwa Skurfer, ndipo wakeboarding inakula kuchokera pamenepo.

Kaiti yokoka munthu pa madzi inakonzedwa ndi abale awiri a ku France, Bruno ndi Dominique Legaignoux. M'chaka cha 1984 iwo analembetsa kaiti ya nthiti zopopera mpweya, imene ikagwa pa madzi simira ndipo ikhoza kuulukanso. M'chaka cha 2024 mpikisano wa makaiti unalowa m'masewera a Olympics, ndipo unachitikira ku Marseille.

Thabwa lokokedwa ndi boti

Wosewera amanga mapazi ake onse awiri pa thabwa nagwira chingwe chotalika mamita ngati 20. Boti lithamanga makilomita 30 kapena 35 pa ola, ndipo kumbuyo kwake lisiya mafunde awiri ngati mizere ya m'munda. Wosewera adumpha mafunde amenewo. M'botimo muyenera kukhala anthu awiri, wina woyendetsa ndi wina woyang'ana kumbuyo, pakuti woyendetsa sangathe kuona kutsogolo ndi kumbuyo nthawi imodzi.

Masewerawa afuna madzi abata, ndipo madzi otere apezeka makamaka m'mamawa. Tsono nthawi yomweyo ndiyo imene asodzi a usipa abwerako kumene anagona usiku ndi nyali zawo. Bwato lodzaza nsomba ndi ukonde wonyowa likhala litatitimira, kotero kuti funde la boti lodutsa pafupi likhoza kulidzaza madzi kapena kuligubuduza. Chopalasira cha injini chidula ukonde m'kanthawi kochepa, ndipo chikhoza kutema munthu wosambira. Wosewera yemwe akagwa aoneka mutu wokha pa madzi, ndipo boti lina likhoza kumgunda osamuona.

Thabwa lokokedwa ndi kaiti

Ana ambiri adziwa kupanga kaiti ya pepala kapena ya pulasitiki. Kaiti ya pa madzi iuluka chimodzimodzi, koma kukula kwake ndi mphamvu yake nzosiyana kutali, pakuti ikhoza kunyamula munthu wamkulu m'mwamba. Ili ndi zingwe zinayi kapena zisanu zotalika mamita 20 kufikira 25, ndiko kuti ngati mabwato anayi kuwandandalika. Zingwezo zifika ku ndodo imene wosewera agwira m'manja poiwongolera, ndiponso ku lamba wa m'chiuno mwake amene anyamula mphamvu yonse. Pa lambapo pali chomasulira chimene wosewera akankha zinthu zikavuta, kuti kaiti itaye mphepo ndi kugwa.

Ngozi yaikulu ili pa zingwe. Nzopyapyala ngati twaini wosokera ukonde, koma munthu sangazidule ndi manja. Kaiti ikagwa pa mchenga kapena pa madzi, zingwe zioneka zolendewera ndi zosaopsa. Mphepo ikangoilowanso zikungika mwadzidzidzi, ndipo zicheka ngati mpeni. Mwana amene wazikulunga ku chala, ku mwendo kapena ku khosi akhoza kupweteka koopsa.

Mphepo za pa nyanja

Pa nkhani ya mphepo msodzi ndiye mphunzitsi. Asodzi adziwa mwera wochokera kumwera, umene uomba mwamphamvu kuyambira mwezi wa May kufikira August kapena September. Adziwanso mpoto wochokera kumpoto, umene ubwera nyengo yotentha ndi ya dzinja, vuma wochokera kum'mawa ndi zambwe wochokera kumadzulo. Wosewera ndi kaiti afuna mphepo yoti mafunde ayambe kuchita thovu loyera, ndiye kuti nthawi imene mabwato ambiri akokeredwa pa mtunda iye ndi pamene alowa m'madzi.

Mphepo yabwino kwa iye ndi yoomba motsata gombe, kapena yopendekera pang'ono ku mtunda, chifukwa akalephera imbwezera ku mchenga. Mphepo yochokera ku mtunda kulowa m'nyanja ndiyo yoopsa. Chitsanzo chake chili pa mudzi wa Chembe ku Cape Maclear. Gombe la pamenepo lipenya kumpoto chakumadzulo, ndipo kumbuyo kwake kuli mapiri. Mwera ukaomba udzera pamwamba pa mapiriwo, motero madzi a pafupi ndi mchenga aoneka abata ndipo mlendo aganiza kuti nkwabwino. Koma akapita patali pang'ono mphepo imgwira mwa apo ndi apo, nthawi ina yamphamvu nthawi ina yofooka. Kaiti ikagwa kumeneko, mwera umkankhira ku nyanja yaikulu, imene kutalika kwake ndi makilomita oposa 550. Mpoto ukafika zinthu zitembenuka: mafunde amenya pa gombe lomwelo, ndipo mphepo ikhoza kumkokera wosewera ku mitengo, ku nyumba ndi ku matandala oyanikapo usipa.

Mwera suli wouchepetsa. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inamira m'namondwe wa nyengo ya mwera pafupi ndi Chitimba kumpoto kwa nyanja, ndipo anthu 145 anafa. Ngati sitima ya chitsulo inagonja, nanga munthu mmodzi woima pa thabwa? M'dzinja namo, mtambo wakuda wa mvula ubwera ndi mphepo yadzidzidzi imene itembenuka mbali zonse. Mlendo wanzeru afunsa asodzi asanalowe m'madzi, pakuti safunsa anadya phula.

Malo osayenera masewerawa

Mtsinje wa Shire utuluka m'nyanja pafupi ndi Mangochi, nudutsa pansi pa mlatho wa pa boma, nukalowa m'nyanja ya Malombe. Madzi ake aoneka osalala ndi okopa, koma muli mvuu ndi ng'ona, ndipo wosewera agwa m'madzi kawirikawiri. Mtsinjewo ngwopapatiza, mabwato ndi ambiri, ndipo funde la boti lothamanga ligumula gombe. M'madzi osayenda a m'mabango mukhalanso nkhono zofalitsa likodzo.

Ku Cape Maclear kuli Lake Malawi National Park, imene Boma linakhazikitsa m'chaka cha 1980 kuti liteteze nsomba za mbuna, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 1984. Maboti olowa m'menemo ayenera kumvera malamulo a oyang'anira malowo. Chambo nacho chikumba zisa zake pa mchenga wa madzi osazama, ndipo boti lothamanga pamwamba pake livundula matope.

Zoyenera kukumbukira

1. Makolo auze ana kuti kaiti ikakhala pa mchenga aionerere ali kumbali imene mphepo ichokera, ndipo asagwire kapena kulumpha zingwe zake.

2. Msodzi amene wapeza wosewera atagwa pa nyanja amfikire kuchokera kumbali imene mphepo ichokera, pakuti kaiti ndi zingwe zikhala mbali inayo. Ayambe wamfunsa mwiniwake asanagwire kanthu. Akagwira kaiti, agwire pakati pa nthiti yaikulu yopopa ija, osati zingwe. Wa boti la injini azimitse injini asanafike pafupi, kuti zingwe zisakole chopalasira.

3. Asodzi aike zoyandama zooneka bwino pa matchera awo, kuti woyendetsa boti awaone ali patali.

4. Woyendetsa boti achepetse liwiro pafupi ndi dooko, ndi mabwato, ndi posambira anthu. Asakoke munthu kutada, ndipo asayendetse atamwa mowa.

5. Wosewera aliyense avale jekete loyandamitsa, ngakhale akhale wodziwa kusambira. Madzi opanda mchere sanyamula thupi monga achitira madzi a mchere, ndipo alendo ozolowera nyanja ya mchere atopa msanga kuno. Wa kaiti asapite patali kuposa pamene angathe kusambira kubwerera, ndipo pa mtunda pakhale boti lomuyang'anira.

6. Mafumu ndi makomiti a pa dooko akambirane ndi eni mahotela za malo ndi nthawi ya masewerawa. Makomiti otere anayamba ku Malombe m'chaka cha 1993 kuti asodzi athandizane ndi Boma posamala nsomba, ndipo ndiwo oyenera kulankhulira mudzi. Ukonde ukadulidwa, mwini wake akanene kwa komiti ndi kwa amfumu tsiku lomwelo, mboni zikadalipo. Kugenda boti kapena kulanda katundu wa mlendo kungoonjeza mlandu.

Phindu lake

Alendo abwera ndi ndalama zimene zigula nsomba, ndiwo zamasamba ndi ziboliboli, ndipo mahotela alemba ntchito anyamata oyendetsa maboti. Mnyamata wokulira pa dooko adziwa kale miyala yobisika, mokhala mvuu ndi zizindikiro za mwera. Akaonjezapo maphunziro a injini ndi a kupulumutsa anthu omira, akhala munthu wofunika pa ntchito imeneyi. Ofuna maphunziro aakulu a za pa madzi akafunse ku Marine Training College ku Monkey Bay.

Mafunso okambirana pa bwalo

Kodi gombe la mudzi uno lipenya kuti, ndipo ndi mphepo iti imene ikankhira munthu kutali ndi mtunda? Nanga mabwato a usipa afika nthawi yanji? Ndi mbali iti ya gombe imene ingapatulidwe kuti alendo aseweremo popanda kuononga maukonde? Ngozi itachitika lero, ndani ali ndi boti la injini lokapulumutsira munthu, ndipo ndani angathamange kukamuitana?