Chinsinsi cha Munthu Amene Akufuna Kusiya Mowa

Amayi, poyendera mabanja ku Mtsiliza mudzakumana ndi bambo wokuululirani kuti sagona osamwa kachasu, kapena mnyamata wofuna kusiya chamba. Akangokutsegulirani mtima, mwasanduka mlangizi ngakhale mulibe satifiketi, ndipo mwambo umene umamanga alangizi a kuchipatala wakumangani inunso.

Waukulu ndi kusunga chinsinsi. Kwathu kuno nyumba n'zogundana, nkhani yoyambira pa kiyosiki ya madzi imafika kumsika dzuwa lisanakwere. Koma chinsinsi chimathawiranso pamalo amene sitiwakayikira: pa mapemphero a mphakati. "Tiyeni tipempherere mwana wa auje amene wamira m'chamba." Cholinga n'chabwino ndithu, koma mwanayo mwamuvula pagulu, ndipo sadzabweranso kwa inu. Pemphererani popanda dzina, popandanso kufotokoza zimene zingamuzindikiritse. Pa gulu la WhatsApp n'chimodzimodzi. Ngakhale amuna anu kapena Bambo Mfumu musawauze musanapemphe chilolezo kwa mwini nkhani.

Chinsinsicho chili ndi malire, ndipo muwatchule pa tsiku loyamba: munthu akanena zodzipha, zovulaza wina, kapena mukamva kuti mwana akuchitidwa nkhanza, simudzakhala chete. Mudzapita naye kuchipatala, kapena mudzakanena ku Victim Support Unit ya apolisi. Akadziwiratu zimenezi sadzati mwamupereka.

Musalangize munthu amene ali ndi ngongole yanu ku banki m'khonde, kapena m'bale wanu weniweni. Angakuuzeni bwanji zoona akuopa kuti mumulonjerera? Mutumizeni kwa mayi wina wa m'bungwe. Mphatso zake musalandire, ndipo ngati pakhomo pali njala perekani ufa, osati ndalama.

Dziwaninso pothera nzeru zanu. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi angathe kunjenjemera, kukomoka ngati wakhunyu, kapena kuona zinthu zomwe palibe, makamaka m'masiku atatu oyamba. Ena amafa nazo. Si ziwanda, ndipo kumutsekera m'chipinda kuti "mowa uchoke" n'kuika moyo wake pachiswe. Ameneyo ngwa kuchipatala. Muno mu Lilongwe a St John of God amathandiza anthu ovutika ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Mufunseni ngati akulola, kenaka mumuperekeze.

Akadzayambiranso kumwa, poti zimachitika kawirikawiri, musamukumbutse malonjezo ake pamaso pa ana ake. Dikirani mowa umuchoke, mukacheze naye panokha.